Musanene kuti ku Eastern kulibe anthu musanaliwelenge bwino lipoti lanu la mu kompyuta

Pali mau amene andifika pakhosi tsopano, ndipo amachokela kwa anthu ophunzila, a m'ma ofesi, amene amakhala kutsogolo pa misonkhano. Ati "tinalengeza nchito ku Chipata koma system yaonetsa kuti oyenelela kulibe, ndiye tatenga wa ku Lusaka." Amanena motsimikiza chifukwa ali ndi lipoti m'manja lochokela mu kompyuta, zobiliwila apa zofiila apo, manambala ndi ma pelesenti ali ndondondo. Ine ndikukana. Manambalawo ambili ndi oona ndithu, vuto ndi loti anthu amawawelenga ngati akuyeza nzelu za ana a kuno, chikhalilecho akuyeza khomo la kampani yanu, kuti ndi lalikulu bwanji, munaliika kuti, ndipo ndani angathe kufikapo. Manijala wa nthambi kuno ku Chipata, kapena mai wa HR (ofesi yoona za kulemba anthu nchito) amene mumalandila lipoti limeneli pa imelo kumapeto kwa mwezi, muli ndi ufulu wolifunsa mafunso, ndipo muyenela kutelo.

Kwa amene simunaonepo mmene zimayendela, makampani akulu akulu, mabanki ndi ma NGO makamaka akunja salandilanso ma envulopu ngati kale. Ali ndi pulogalamu ya mu kompyuta yolandila ndi kusefa ofuna nchito, imene amaitcha ATS, monga Workday, Greenhouse, SAP SuccessFactors, Oracle Taleo, Zoho Recruit ndi zina zotelo. Ukaona nchito pa LinkedIn kapena pa GoZambiaJobs n'kudina pa link, nthawi zina umagwela mu imodzi ya zimenezi, umalemba dzina, umaika CV, umayankha mafunso, basi wamaliza. Kumbali ya kampani munthu aliyense amakhala pa siteji yake, uyu wangoapulaya, uyu wadutsa posefa, uyu ali pa shortlist, uyu wapanga intavyu, uyu wapatsidwa offer, uyu wavomela. Mzele wonsewu a HR amautcha pipeline, ndipo pulogalamu imawelenga kuti pa siteji iliyonse panafika angati, anapitilila angati, ndipo zinatenga masiku angati.

Tiyeni tiyelekeze, manambala awa ndawapeka chabe kuti timvane. Bungwe likufuna ma field officer awili, wina akakhale ku Lundazi wina ku Petauke. Aapulaya anthu 400. Posefa patsala 60, ndiye 15 pa 100 alionse. Pa 60 aja aitana 12 ku intavyu, ndiye 20 pelesenti. Offer yapita kwa atatu, avomela awili, wina wakana. Lipoti lidzalemba manambala onsewa bwino bwino n'kuwatcha conversion rate, ndipo bwana akaona kuti pa 400 panatsala 60 chabe amagwedeza mutu n'kunena kuti taonani, anthu 340 osayenelela, maphunzilo a kuno ndi ovuta. Apa ndi pamene ndimafuna tiime, tisathamange.

Choyamba, 400 ija si chiyambi cha nkhani. Anthu 400 ndi amene anakwanitsa kufika pa batani lomaliza n'kutumiza. Nanga amene anayamba fomu koma osamaliza ali angati? Ma ATS ambili nambala imeneyi amatha kuisunga, oona chilengezo angati, oyamba fomu angati, omaliza angati, koma mu lipoti lopita kwa bwana kawili kawili simuipeza chifukwa palibe anaipempha. Kuno nambala imeneyi ndi yofunika kuposa zonse. Mtsikana wa ku Vubwi kapena ku Chasefu akuapulaya pa kafoni kakang'ono, bandulo ya tsiku limodzi, netiweki ikubwela ikupita, fomu ikumuuza kuti ayambe watsegula akaunti, apange password ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono, aike CV mu PDF, kenako alembenso pamanja zonse zimene zili kale mu CV imeneyo, aike NRC yosikana mbali zonse, satifiketi ya Grade 12, dipuloma, mwina ndi kalata ya ku ZAQA yotsimikizila mapepala, afika pa peji ya chisanu ndi chimodzi foni yazima chifukwa malaiti kulibe kuyambila m'mawa, akabwelela zonse zafufutika. Tonse tikukumbukila 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, malaiti amapita kupitilila theka la tsiku. Amene anamaliza mafomu aatali nthawi imeneyo anali amene ali ndi laputopu ndi solar, kapena wachibale wogwila mu ofesi ya Wi-Fi. Mtsikana uja mu lipoti mulibe, sanakanidwe, sanasefedwe, kwa kompyuta iye sanabwele n'komwe. Ndiye mukaona kuti pa anthu amene anayamba fomu theka lathunthu linathela panjila, musafunse za maphunzilo a anthu, funsani amene anapanga fomu.

Chachiwili ndi 340 aja. Ndani anawachotsa, ndipo pa chifukwa chanji? Anthu ambili amaganiza kuti kompyuta imawelenga CV n'kuganiza yokha ngati munthu, koma nthawi zambili zimene zimachitika ndi zophweka kuposa pamenepo. Munthu wina mu ofesi anakhala pansi n'kuika mafunso otsekela, amene amati knockout questions. Muli ndi digili, inde kapena ayi. Mwagwilapo nchito ngati iyi zaka zitatu, inde kapena ayi. Ukayankha ayi pa limodzi, system imakuika ku okanidwa palibe munthu anatsegula CV yako. Kwina a HR amafufuza ndi mau, amalemba kuti "monitoring and evaluation" kapena "community mobilisation", amene sanalembe mau omwewo mu CV satulukila pa skilini olo nchitoyo anaigwila zaka ndi zaka ndi ma cooperative ndi magulu a amai a banki m'khonde. Ndiye funso langa limakhala lakuti, kodi field officer wopita kwa alimi a nshawa ndi soya ku Lundazi afunikadi digili, kapena afunika kudziwa kuyendetsa njinga yamoto m'matope a mu February, kulankhula Chitumbuka ndi Chichewa, ndi kudziwa mmene ungalowele pakhomo pa amfumu? Ngati munakopela chilengezo cha ku hedi ofesi osasintha kanthu, 340 aja simunawayeze, munangowatsekela.

Ku chigayo ukaika sefa ya timabowo tating'ono kwambili ufa umatuluka wochepa, ndipo palibe munthu wanzelu amene amaimba mlandu chimanga asanayang'ane sefa.

Ndipo si ife tokha amene tikudandaula. Mu 2021 a Harvard Business School pamodzi ndi kampani ya Accenture anatulutsa kafukufuku wa olemba anthu nchito ku America, Britain ndi Germany, ndipo 88 pelesenti ya olemba nchitowo anavomela okha kuti anthu aluso oyenelela amachotsedwa ndi system chifukwa CV yawo siinafanane ndendende ndi zimene zinalembedwa pa chilengezo. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pafupifupi theka la makampani amachotsa munthu amene CV yake ikuonetsa kuti anakhala osagwila nchito kupitilila miyezi isanu ndi umodzi. Taganizani lamulo limenelo likagwila kuno. Ndi angati mwa ana athu amene anamaliza koleji n'kukhala zaka akudikila, akulima dimba, akugulitsa salaula ku Kapata, akuphunzitsa ma extra lessons, akusamala odwala pakhomo? Mu 2022 boma litalemba aphunzitsi opitilila 30,000 ndi azaumoyo opitilila 11,000, tonse tinaona anthu amene anamaliza maphunzilo kale kale akulandila nchito yoyamba. Anthu amenewo sanali opanda nzelu zaka zonse zimene anakhala pakhomo, nchito ndiyo kunalibe. Pulogalamu yopangidwila msika wa ku California kapena ku London, ikabwela kuno ndi malamulo osefela a komweko, imawaona anthu otele ngati okayikitsa.

Manje tibwele pa nambala imene mabwana amaikonda kwambili, ya masiku. Zilipo ziwili ndipo anthu amazisokoneza. Time to fill imawelenga kuyambila tsiku limene nchito inavomelezedwa kapena kulengezedwa mpaka tsiku limene munthu wavomela offer. Time to hire imayambila tsiku limene munthu wotengedwayo analowa mu system mpaka kuvomela. Yoyamba imakuuzani kuti mpando unakhala wopanda munthu masiku angati, yachiwili imakuuzani kuti munamusunga munthu akudikila masiku angati. Musanayelekeze nthambi ya Chipata ndi ya Kitwe funsani kuti wochi imayamba liti ndipo imaima liti, chifukwa mapulogalamu sawelenga mofanana, ena amaima pa kuvomela ena pa tsiku loyamba nchito, ena amawelenga ndi Loweluka ndi Sondo lomwe.

Komanso samalani ndi avaleji. Tinene kuti chaka chino mwalemba anthu asanu, masiku anali 20, 22, 25, 28, ndipo wachisanu, accountant amene munamusaka movutika, anatenga 155. Mukaphatikiza ndi 250, kugawa ndi asanu ndi 50. Lipoti lidzafiila kuti Chipata imatenga masiku 50 kulemba munthu, chonsecho anai mwa asanuwo sanafike ndi mwezi womwe. Nambala ya pakati, imene amati median, ndi 25, ndipo ndi imene ikunena zoona za mmene mumagwilila nchito masiku onse. Nthambi yaing'ono imene imalemba anthu asanu kapena khumi pachaka, munthu mmodzi chabe amatha kutembenuza avaleji yonse. Pemphani median, ndipo pemphani kuti pambali pa pelesenti iliyonse alembe kuti ndi anthu angati. Offer acceptance rate ya 67 pelesenti imamveka ngati vuto lalikulu, koma mu chitsanzo chathu chija ndi munthu mmodzi yekha amene anakana, mwina mkazi wake ali pa nchito ku Ndola.

Chimene chimathandiza zenizeni ndi masiku a pa siteji iliyonse. Apa ndi pamene chilungamo chimaonekela. Ndakhalapo pa tebulo la ma intavyu, ndipo zimene ndaona ndi zakuti kusefa kumatha msanga, intavyu imachitika, panel imagwilizana tsiku lomwelo, kenako fayilo imapita ku Lusaka kukadikila siginecha ndipo imagona kumeneko masabata, amene ayenela kusaina ali ku workshop, abwela, apitanso ku ina. Pamene offer ikutuluka munthu wabwino uja watengedwa kale ndi bungwe lina. Mu lipoti zidzalembedwa kuti candidate anakana offer, kapena anadzichotsa yekha, ndipo mlandu umagwela dela lathu kuti anthu safuna kugwila ku Eastern. Tsegulani masiku a siteji ndi siteji muone pamene fayilo inagona.

Koma sindikufunanso kuti tipembedze liwilo, apa ndiye mtima wanga umawawa kwambili. Katswili wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anachenjeza kale mu 1975 kuti muyeso ukausandutsa chandamale umaleka kuyeza bwino. Mukauza wa HR kuti bonasi yake ili pa kutsitsa time to fill, adzaitsitsadi. Adzatseka chilengezo pakatha masiku atatu. Adzaimba foni Lachiwili madzulo kuti intavyu ndi Lachitatu 9 koloko. Amene ali mu Chipata muno kapena amene ali ndi galimoto afika, koma wa ku Chama, wa ku Lumezi, wa ku Lusangazi nthawi ya mvula, angapeze kuti transport ndi ndalama usiku umodzi? Ngati intavyu ili ku Lusaka ndiye basi, makilomita opitilila 500 pa Great East Road, tikiti yopita ndi kubwela, pogona, chakudya, zonse kuchokela m'thumba la munthu amene sali pa nchito. Akalephela kufika amalembedwa kuti no show. Kwina amachita zina zochenjela, chilengezo chikakhalitsa amachitseka n'kutsegula chatsopano kuti wochi iyambilenso pa zilo. Lipoti limabiliwila, bwana amasangalala, koma mpando ukadali wopanda munthu. Nambala ya no show muigawe ndi ma distilikiti, ndipo pambali pake mulembe kuti anthuwo anauzidwa kutatsala masiku angati, mudzaona nokha.

Pali gawo lina lotchedwa source of hire, loonetsa kumene anthu anamvela za nchito. Kuno limanama kwambili, osati mwadala ayi, koma chifukwa system imaona link yomaliza imene munthu anadina, kapena yankho limene anasankha pa kamndandanda kamene kali ndi LinkedIn, website ya kampani ndi "Other". Chilengezo kuno chimayenda pa ma gulupu a WhatsApp, a tchalitchi, a amene munaphunzila nawo, chimayenda pa Facebook, pa wailesi ngati Breeze FM ndi Radio Maria, pa notice board ya ku khonsolo, pakamwa pa malume amene anamva ku maliro. Zonsezi zimathela mu "Other" kapena zimalembedwa ngati website. Kenako wina ku hedi ofesi amaona lipoti n'kunena kuti wailesi sibweletsa anthu, tisiye kulipila, ndalama tiike pa LinkedIn. Chaka chotsatila oapulaya a kumidzi amachepa, ndipo lipoti latsopano limatsimikizila bodza lomwe lija. Kukonza kwake n'kosavuta, onjezani WhatsApp, wailesi ndi notice board pa kamndandandako, kapena pangani link yosiyana ya njila iliyonse, ma ATS ambili amalola zimenezi.

Mu gawo lomweli muli referral, anthu amene anabweletsedwa ndi ogwila nchito a m'kati. Pafupifupi kulikonse amenewa amadutsa masiteji mosavuta kuposa ena, ndipo mabuku a HR amayamikila kuti ndi njila yabwino yotsika mtengo. Nthawi zina ndi zoona, munthu sangabweletse waulesi kuti amuchititse manyazi. Koma ife a kuno mau oti wako ni wako timawadziwa bwino, sitifunika kuwamasulilidwa. Mukaona kuti ma referral anali ochepa pa oapulaya koma ndi amene adzaza shortlist, musafulumile kuombela m'manja, yang'anani ngati anadutsa pa sefa imodzi ndi anzawo kapena wina anawanyamula n'kuwaika kutsogolo. Ubwino wa ATS ndi woti imasunga kuti ndani anasuntha munthu kuchoka pa siteji ina kupita pa ina, ndi tsiku lake. Zimenezi envulopu sinkatiuza.

Chinthu chimodzi chimene ndikanakonda manijala aliyense achite, olo zina zonse asiye, ndi kugawa manambala a siteji iliyonse pakati pa amai ndi abambo, komanso ndi distilikiti imene munthu akukhala. Tibwelele ku 400 aja. Tinene kuti abambo anali 250 ndipo amai 150. Pa 60 odutsa posefa, abambo 50, amai 10. Abambo adutsa 20 pa 100, amai sanafike ndi 7 pa 100. Nambala yonse ya 15 pelesenti imaoneka yabwinobwino koma m'kati mwake muli chinthu choola. Ku America kuyambila 1978 ali ndi kalozela amene amati four-fifths rule, woti ngati gulu lina likudutsa pa mlingo wosafika 80 pelesenti ya gulu limene likudutsa kwambili, chimenecho ndi chizindikilo choti njila yosankhila ikupondeleza. Mu chitsanzo chathu amai ali pa gawo limodzi mwa magawo atatu a abambo, kutali kwambili ndi 80. Limeneli si lamulo la Zambia, koma masamu ake ndi a ku pulaimale, aliyense angawelengele pa foni. Ndipo Employment Code Act yathu ya 2019 imaletsa tsankho polemba anthu nchito, ndiye nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mwina chimene chinagwetsa amai ndi funso la laisensi ya njinga yamoto, chinthu chimene munthu angaphunzile mwezi woyamba ali kale pa nchito. Simungadziwe mpaka mutagawa.

Amene amaganiza kuti makina alibe tsankho akumbukile za Amazon. Mu 2018 a Reuters analemba kuti kampaniyi inataya pulogalamu yake ya AI yosankhila ma CV itapezeka kuti ikutsitsa ma CV amene anali ndi mau onena za akazi, chifukwa inaphunzila kuchokela ku ma CV a zaka zam'mbuyo amene ambili anali a amuna. Mzinda wa New York kuyambila 2023 umakakamiza olemba nchito amene amagwilitsa makina otele kuti aziwapimitsa ngati sakukondela. Ngati eni ake opanga zinthuzi amazikayikila chonchi, ife tizikhulupilile bwanji osafunsa? Pogawa manambalawa samalani chabe ndi zinsinsi za anthu, tili ndi Data Protection Act ya 2021, musayambe kufunsa anthu mtundu wawo, distilikiti ndi yokwanila, ndipo lipoti lopita ku msonkhano likhale la manambala osati maina.

Ndikudziwa amene anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Adzati kodi ufuna tibwelele ku makatoni a ma envulopu amene ankaunjikidwa pakona ya ofesi, ena n'kunyowa ndi mvula, ena n'kusowa chifukwa messenger ali ndi mphwake amene akufunanso nchito yomweyo? Ayi sindikufuna. Pamene nchito ziwili zikukoka anthu mazana, palibe munthu angawelenge CV iliyonse ndi mtima wonse, kusefa kuyenela kukhalapo. Ndipo ndi zoona kuti pali nchito zina zimene anthu ake ndi osowa kuno, dokotala wa opaleshoni, injiniya wa makina ena ake, zimenezo ndikuvomela. Chimene ndikukana ndi kulumpha kuchoka pa "system yatulutsa ochepa" kufika pa "anthu kulibe" osadutsa pakati. Ngati mwaona kuti fomu anthu anaimaliza, mafunso otsekela ndi ogwilizana ndi nchito, chilengezo chinafika kumidzi, anthu anapatsidwa nthawi yofikila ku intavyu, ndipo mwatenga ma CV makumi awili kapena atatu mwa okanidwa n'kuwawelenga ndi maso anu osapezamo woyenelela, pamenepo nenani kuti kulibe ndipo ine ndidzakhala chete. Kuwelenga okanidwa kumeneku ndi nchito ya masana amodzi chabe, koma ndi ochepa amene amaichita.

Tisaiwalenso kuti lipoti limadya zimene anthu alipatsa. Wa HR wotanganidwa amatha kupanga zonse pa imelo ndi pa foni, kenako tsiku lomaliza n'kulowa mu system kusuntha anthu onse kamodzi, ndiye lipoti limaonetsa kuti munthu anakhala pa siteji yoyamba masiku 40 n'kudutsa intavyu ndi offer mu mphindi zisanu. Pa chifukwa chokanila, ambili amangodina chimene chili pamwamba pa mndandanda, "does not meet requirements", kwa onse, ndi amene anafika pa nambala 2 ku intavyu yemwe. Kenako chaka chikatha wina amawelenga kuti 90 pelesenti ya okanidwa sanakwanilitse zofunika. Mukaona masiku a zilo pa masiteji angapo, kapena chifukwa chimodzi chikudzaza lipoti lonse, dziwani kuti mukuwelenga kutopa kwa wa HR, osati za oapulaya.

Ndipo lipoti limathela pa tsiku limene munthu wavomela, pomwe nkhani yeniyeni imayambila pamenepo. Lamulo lathu limapeleka probation ya miyezi itatu, imene ingaonjezeledwe ndi miyezi ina itatu. Kodi amene munamutenga mwamsanga uja anaimaliza? Patatha chaka akadali ku Lundazi kapena anapempha transfer mwezi wachiwili chifukwa banja lili ku Lusaka ndipo chilankhulo cha alimi sakuchimva? Nambala imeneyi ili mu fayilo ina, ya malipilo, ndipo kawili kawili palibe amaiphatikiza ndi ya ATS. Iphatikizeni. Ikani mbali imodzi amene munawatenga kuno, mbali ina amene munawabweletsa kuchokela kutali, muone amene akadalipo patatha chaka. Ngati mpando womwewo mwaulengeza katatu mu zaka ziwili, time to fill yanu ya masiku 25 ija ilibe phindu, mwalipila katatu chilengezo, ma intavyu, ndalama yosamukila ndi training, ndipo alimi aona nkhope zitatu zosiyana aliyense akuyambilanso kufunsa maina a midzi.

Pali mzele umodzi umene sindinauonepo mu lipoti lililonse limene lafika m'manja mwanga, ndipo ndikupempha a HR a kuno muyambe kuuika. Pa anthu 398 amene sanatengedwe, ndi angati analandila yankho, ndipo patapita masiku angati? Tinazolowela mau aja a pansi pa chilengezo oti okhawo a pa shortlist ndi amene adzaimbilidwa foni, ndipo nthawi ya ma envulopu zinali zomveka, masitampa ndi ndalama. Koma manje system imene mukulipila imatha kutumiza imelo kwa onse ndi kudina kamodzi, ina ndi SMS yomwe. Mnyamata wa ku Sinda amene anagulitsa nkhuku kuti asikane mapepala ndi kugula bandulo akudikila yankho lanu kuti adziwe ngati alime munda waukulu chaka chino kapena ayi, ngati avomele ganyu ya miyezi itatu imene wamupezela mlamu wake kapena adikile foni yanu. Muuzeni mkati mwa masabata awili kuchokela pamene mwasankha, ndipo nambala ya amene mwawauza muiike pa peji yoyamba ya lipoti, pambali pa time to fill.